Maikolofoni yoyimbira ndi bandi pa siteji: ndigule iti?

Funso

Ndimayimba kutsogolo m'bandi ya anthu asanu: wa dramu, wa besi, wa gitala, wa kiyibodi ndi ineyo. Tikamayeserera mawu anga amamveka, koma tikakwera pa siteji amamira, ndipo wa pa mikisa akati andikwezeko masipika amayamba kulira. Liwu langa ndi lofewa, si lamphamvu kwenikweni. Ndakhala ndikubwereka maiki, tsopano ndikufuna yangayanga. Ena akuti ndigule Shure SM58, ena akuti imeneyo ndi yachikale, bola ya condenser ngati za ku studio, kapena yopanda waya. Ndisankhe iti?

Yankho

Mwachita bwino kufotokoza mmene bandi yanu ilili ndi mmene liwu lanu lilili, chifukwa yankho lagona pamenepo. Ndakhala kuseri kwa mikisa zaka zambiri, ndipo dandaulo lanuli ndalimva kwa oyimba ochuluka, makamaka a mawu ofewa. Mukanandipeza ndili pa ntchito, nthawi ili yochepa, ndikanakuuzani kuti gulani maiki ya dynamic, ya waya, kwa wogulitsa wodalirika. Pa siteji yaphokoso ngati yanuyo yesani kaye ya supercardioid, koma musatulutse ndalama musanayimbirepo bandi yonse ikuyimba. Ya ku studio ija isiyeni ku studio. Koma ndikufuna mumvetse zifukwa zake, popeza mukazimvetsa mudzatha kusankha nokha ngakhale pakati pa mamaiki amene ine sindiwatchula muno.

Maiki siidziwa kuti woyimba ndi ndani. Chilichonse chimene chafika pa mutu wake imatola: liwu lanu, ma cymbal (mbale zachitsulo zija) a wa dramu amene ali kumbuyo kwanu, ampu ya gitala, ngakhalenso mawu anu omwe akubwerera kuchokera mu monita, sipika ya pansi imene imayang'ana woyimba kuti azidzimva. Wa pa mikisa akamakukwezani sakweza inu nokha, akukweza zonsezo pamodzi. Ndiye ngati pa mutu wa maiki liwu lanu likungoposa phokoso la bandi pang'ono, kukweza sikuthandiza, dramu ndi gitala zimakwera nanu limodzi. Akapitiriza, amafika poti mawu otuluka mu sipika akulowanso mu maiki mwamphamvu, n'kukwezedwanso, n'kutulukanso, mpaka kuzungulira kumeneku kumasanduka kulira kuja koboola makutu kumene timati feedback. Choncho pogula maiki ya pa siteji, kukoma kwa mawu ake kumabwera pachiwiri. Choyamba n'chakuti imatola liwu lanu lochuluka bwanji poyerekeza ndi zina zonse zimene zikuizungulira. Chilichonse chimene ndinene pansipa chikuchokera pa mfundo imeneyi.

Tiyambe ndi nkhani ya condenser, poti ndi imene ingakudyereni ndalama pachabe. Mu maiki ya dynamic muli kanembanemba kopyapyala komatidwa ku koyilo ya waya, ndipo koyiloyo ili pakati pa maginito. Mukayimba, mawu amagwedeza kanembanembako, koyilo imayenda, ndipo kuyendako kumabala timagetsi timene timapita ku mikisa. Siifuna batire kapena magetsi ena alionse, ndipo imapirira kugwa, thukuta, mate ndi kukuwa. Ya condenser ili ndi kanembanemba kopepuka kwambiri, kopanda koyilo, koyandikana ndi kachitsulo kosasuntha, ndipo popanda magetsi siigwira ntchito. Nthawi zambiri magetsiwo amachokera ku mikisa kudzera m'chingwe chomwecho, ma volt 48, amene pa mikisa amalembedwa kuti phantom kapena +48V. Chifukwa cha kupepuka kuja, imatola tinthu tating'ono: kupuma, kunjenjemera kwa liwu, kuwala kwa mawu a pamwamba. Ku studio zimenezi ndi chuma. Koma pa siteji pamene dramu ili mamita awiri kumbuyo kwanu, mawu a pamwamba amene imawatola bwino aja ndi omwenso ma cymbal amatulutsa, ndipo amadzaza tchanelo chanu, njira imene maiki yanu imalowera pa mikisa.

Ya ku studio yeniyeni, yaikulu ija yoyimbira cham'mbali, sinapangidwe kuti igwiridwe m'manja. Ilibe chotchinga mpweya chokwanira, n'chifukwa chake amaiikira kasefa patsogolo, ndipo amaipachika pa timalamba kuti isamve kugwedezeka. Pa siteji idzatola kugunda kwa mapazi ndi mpweya wa pakamwa, ndipo ikagwa kamodzi mukhoza kuitaya. Alipo ma condenser opangidwira siteji, ogwira m'manja, monga Shure SM86 ndi Beta 87A, Sennheiser e965 ndi Neumann KMS 105. Ndi abwino zedi, koma malo awo ndi siteji yodekha, ndipo yanu sinafike pamenepo.

Nkhani imene ogula ambiri amaidumpha, pamene ndi imene imalamulira kulira kwa masipika, ndi ya mbali imene maiki imamvera ndi mbali imene ili yogontha. Pa bokosi la maiki mudzaona mawu akuti cardioid, supercardioid kapena hypercardioid. Yerekezani kuti maiki yagona pakati pa wotchi, mutu wake ukuloza 12 koloko pamene pali pakamwa panu. Ya cardioid imamva bwino kutsogolo, imamvako m'mbali pa 3 ndi pa 9, ndipo ndi yogontha pa 6 koloko, kumchira kwenikweni, madigiri 180 kuchokera kutsogolo. Ya supercardioid imamva mopanikiza kutsogolo, pafupifupi madigiri 115 pamene cardioid imatenga pafupifupi 130, ndipo imakana phokoso la m'mbali kwambiri. Koma ili ndi kakhutu kakang'ono kumchira. Malo ake ogontha si pa 6 koloko ayi, ali cha pa 4 ndi pa 8, pafupifupi madigiri 125 mbali zonse ziwiri. Ya hypercardioid imapanikiza koposa, kakhutu kake ka kumchira n'kokulirapo, ndipo malo ake ogontha ali cha pa madigiri 110.

Manambala amenewa ali ndi ntchito imodzi, kukuuzani poika monita. Monita iyenera kukhala pamene maiki ili yogontha. Mukakhala ndi cardioid, monita ikhale kutsogolo kwanu kwenikweni ndipo mchira wa maiki uiloze. Mukakhala ndi supercardioid, monita isunthire cham'mbali, kapena mukhale ndi ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Woyimba wina amene ndinkagwira naye ntchito anachoka pa cardioid n'kugula supercardioid atamva kuti imakana feedback. Tsiku loyamba kulira kunanyanya kuposa kale, ndipo anali atatsimikiza zokaibweza. Monita yake inali pamalo ake akale, patsogolo pa mapazi ake, ikuloza ndendende pa kakhutu kaja. Titaikankhira cham'mbali tinatha kumukweza bwinobwino osakhudza china chilichonse. Ngati malo ndi ochepa ndipo monita singasunthike, pali njira ina: supercardioid muigoneke mopingasa, mchira usaloze pansi koma uloze kumene kuli anthu. Mukatero monita ya pansi ija imagwera kufupi ndi malo ogontha.

Supercardioid ili ndi mtengo wake umene si wa ndalama. Imafuna kuti pakamwa pakhale kutsogolo kwake nthawi zonse. Mukatembenuza mutu kuyang'ana wa besi, liwu limagwa msanga ndipo limasintha kamvekedwe. Woyimba amene akulizanso gitala, amene amaweramira kuyang'ana zala zake, kapena amene amavina maiki ili pa sitandi, nthawi zambiri amathandizika ndi cardioid chifukwa imakhululuka. Dzifunseni moona mtima mmene mumayimbira, kapena onerani vidiyo ya tsiku limene munayimba, muone kuti pakamwa panu pamachoka kangati pa maiki.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene palibe maiki ingakonze. Maiki ikuloza pakamwa panu, koma ikulozanso chilichonse chimene chili kuseri kwa mutu wanu. Ngati mwaima ndendende kutsogolo kwa dramu, ma cymbal ali kutsogolo kwa maiki, mbali imene imamva bwino koposa, ndipo mukangosuntha mutu amalowa onse. Mmene mwafotokozera vuto lanu, ndikukayikira kwambiri kuti mwina mumaima pamenepo, popeza mabandi ambiri amakonda kuika wa dramu pakati kumbuyo ndi woyimba pakati kutsogolo. Sunthani masitepe awiri kumanja kapena kumanzere, kapena dramu isunthire pakona. Ampu ya gitala nayonso isakhale kumbuyo kwanu ikuloza msana wanu.

Tsopano mtunda wa pakati pa milomo ndi maiki. Apa ndichedwepo, chifukwa kwa munthu wa liwu lofewa palibe chinthu china chimene chimabweza zochuluka chonchi. Kukula kwa mawu timakuyeza ndi ma dB, ndipo lamulo lake ndi lakuti mukadula mtunda pakati, mawu ofika pa maiki amakwera ndi pafupifupi ma dB 6. Ngati mumayimba maiki ili masentimita 8 kuchokera pakamwa, mukaibweretsa pa masentimita 4 mwapeza ma dB 6, mukafika pa masentimita 2 mwapeza pafupifupi 12. Phokoso la bandi silinasinthe, koma liwu lanu lakula. Wa pa mikisa akhoza kutsitsa geni, chopotokola chimene chimakweza mawu olowa mu tchanelo chanu, ndipo potero watsitsa dramu ndi gitala zimene zimalowera mmenemo, watalikiranso ndi malire a feedback. Palibe maiki pa msika, kaya yodula bwanji, imene ingakupatseni kusiyana kotere poyerekeza ndi maiki ina yabwino. Oyimba ambiri a mawu ofewa amachita mosiyana, amaikankhira maiki kutali chifukwa cha manyazi kapena chifukwa anaona oyimba a mawu amphamvu akutero pa mawu okweza. Iwo amaichotsa pa mphindi imene akukuwa, kenako amaibweza. Inu yambani milomo ili pafupi kukhudza waya wa mutu wa maiki, ndipo muzichoka pang'ono pokhapokha pa mawu amene mukudziwa kuti mutulutsa mwamphamvu.

Kuyandikira kumabwera ndi chotsatira chake. Maiki iliyonse yosankha mbali, kaya cardioid kaya supercardioid, imawonjezera besi pamene pakamwa payandikira. Kwa liwu lopyapyala zimenezi zimathandiza, limamveka lodzaza. Kwa liwu lokhuthala kale, mawu amasanduka matope, anthu amamva kung'ung'udza koma osatola chimene mukunena. Mankhwala ake si kutalikira ayi, ali pa mikisa. Pa tchanelo pali batani kapena chopotokola cholembedwa kuti low cut kapena HPF, chimene chimadula mawu a pansi kwambiri. Malo odulira timawayeza ndi ma Hz: nambala yaing'ono ndi mawu a besi, yaikulu ndi mawu a pamwamba. Kwa oyimba ambiri kudula cha pa ma Hz 100 n'koyenera, ndipo kwa liwu lachikazi kapena la nthetemya mukhoza kufika 120 kapena 150 osataya kanthu, popeza kumunsi kumeneko kulibe liwu lanu, kuli besi gitala, dramu ya phazi ndi kugwedezeka kwa siteji. Ngati matope akadalipo, wa pa mikisa atsitseko pang'ono pakati pa ma Hz 200 ndi 400. Kumveka kwa zilembo, kumene kumapangitsa munthu wa kumbuyo kwa holo kusiyanitsa mawu a nyimbo, kumakhala pakati pa ma Hz 2,000 ndi 5,000, ndipo mamaiki ambiri oyimbira anapangidwa kuti azikwezako dera limeneli.

Kagwiridwe nakonso. Gwirani pa thupi la maiki, osati pa mutu. Kuseri kwa kanembanemba kuja kuli timabowo timene timalowetsa mawu chakumbuyo, ndipo ndi timeneti timapangitsa maiki kukhala yogontha mbali ina. Mukafumbata mutu ndi dzanja mwatseka timabowoto, maiki imayamba kumva mbali zonse, liwu limamveka ngati likuchokera m'chitini, ndipo feedback imabwera nthawi yomweyo. N'chimodzimodzi munthu akaphimba maiki ndi chikhatho pofuna kuletsa kulira, amangokuwonjezera. Mukamapuma pakati pa mavesi, musatsitse dzanja mutu wa maiki n'kuloza monita.

Tifike pa mayina. Amene akuti SM58 ndi yachikale akunena zoona pa msinkhu wake. Kampani ya Shure inaitulutsa mu 1966, chaka chimodzi pambuyo pa SM57, ndipo zilembo za SM zikuimira mawu achingerezi otanthauza maikolofoni ya ku studio, ngakhale kuti inadzatchuka pa siteji. Ndi ya dynamic, cardioid, imatola kuyambira ma Hz 50 mpaka 15,000, ndipo imalemera magalamu 298. Koma ukalamba wake si chilema. Aliyense wogwira mikisa amaidziwa, amadziwa poidula ndi poikweza asanamve n'komwe liwu lanu. Imapirira nkhanza zimene zina sizingapirire, ndipo mutu wake wa waya ukaphwanyika umagulidwa padera. Sindinaonepo shoo ikuwonongeka chifukwa chakuti woyimba anali pa SM58 yeniyeni. Chofooka chake, m'makutu anga, n'chakuti pa liwu lofewa ndi lakuda imamveka ngati yafunditsidwa nsalu, makamaka mukayandikira kwambiri, ndipo imafuna kuthandizidwa pa mikisa.

Beta 58A ya kampani yomweyo imafanana nayo maonekedwe koma ndi ina. Ndi supercardioid, ili ndi maginito a neodymium, imafika ma Hz 16,000, ndipo imatulutsa mphamvu yoposa SM58 ndi pafupifupi ma dB 4. Apa ambiri amasokonezeka. Mphamvu yowonjezerayo sikutanthauza kuti mudzamveka kwambiri masipika asanalire, chifukwa imakweza liwu ndi phokoso mofanana, ndipo wa pa mikisa amangotsitsa geni. Phindu lake lenileni lili pa kukana za m'mbali ndi pa kuwala kwa mawu ake. Kuwala komweko kumakhala vuto pa liwu lakuthwa kale, kapena pa munthu amene s ndi ts zake zimatuluka ndi mluzu, chifukwa zimabaya m'makutu.

Sennheiser ya ku Germany ili ndi e935, ya cardioid, ndi e945, ya supercardioid. Zonse zimafika ma Hz 18,000 ndipo zimamveka zotseguka, mawu ali patsogolo, osafuna kukonzedwa kwambiri. Azing'ono awo otsika mtengo ndi e835 ndi e845, osiyana mwa njira yomweyo. AKG D5 ndi sE V7 ndi ma supercardioid enanso amene amagwira ntchito yabwino osabowola thumba. Audix OM7 ndi hypercardioid imene inapangidwa dala kuti izitulutsa mphamvu yochepa, ya masiteji aphokoso loopsa, ndipo imafuna milomo ikhale pa waya nthawi zonse. Imachita zodabwitsa kwa woyimba wamphamvu amene anaizolowera, koma inu sindingakuyambitseni pamenepo. Palinso Shure KSM8 imene inatuluka mu 2016, ya dynamic yokhala ndi tinembanemba tiwiri tochepetsa besi ya kuyandikira ija, koma ndi yodula ndipo vuto limene imathetsa si lanu kwenikweni.

Inu ndikanakupatsani atatu oti muyese: SM58 ngati poyezera, e945, ndi Beta 58A. Ngati liwu lanu ndi lofewa koma lokhuthala, ndikuyembekeza kuti imodzi mwa ziwiri zomalizazo ikutulutsani m'phokoso. Ngati ndi lofewa koma lopyapyala ndi lakuthwa, mukhoza kupeza kuti SM58 kapena e935 ikukukomerani. Ndikunena kuti ndikuyembekeza chifukwa ndaonapo oyimba awiri a mawu ofanana m'makutu anga akusankha mosiyana, ndipo aliyense anasankha bwino.

Kuyesa kwake kukhale kotere. Bwerekani mamaiki amenewo kwa anzanu kapena kwa obwereketsa zida, mupite nawo kumene mumayeserera, pa masipika ndi monita zimene mumagwiritsa ntchito. Kunena "wani, thuu" m'sitolo mopanda phokoso sikukuuzani kanthu. Wa pa mikisa aike EQ, zopotokola zowonjezera kapena kuchepetsa besi ndi mawu a pamwamba, pakati pa matchanelo onse, ndipo alinganize geni kuti mamaiki onse amveke kukula kofanana. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa khutu la munthu limanyengeka, imene yakwera pang'ono imamveka ngati ndiyo yabwino. Yimbani nyimbo yanu yofatsa kwambiri ndi yaphokoso kwambiri, bandi yonse ikuyimba mmene imayimbira pa shoo, osati monyengerera. Munthu amene mumakhulupirira makutu ake akaime kumene kumakhala anthu, chifukwa inu mumamva liwu lanu kudzera m'mafupa a mutu wanu ndipo simungadziweruze bwino. Ngati n'kotheka jambulani tchanelo chanu chokha kuchokera pa mikisa. Mukamvetsera, tcherani khutu pa malo amene simukuyimba: zimene zikumveka pamenepo ndi phokoso limene maikiyo ikulowetsa. Nenani mawu a mpweya wambiri monga "phiri", "mphepo", "phokoso", mumve ngati ikuphulika. Nenani "tsitsi", "masiku", "chisoni", mumve ngati ikubaya. Isinthanitseni m'manja, mumve ngati kugwira kukumveka mu sipika. Pomaliza, monita ili pamalo oyenera mtundu wa maikiyo, wa pa mikisa aikweze pang'onopang'ono mpaka kulira kutangoyamba, aone pamene wafika, atsitse msanga, kenako achite chimodzimodzi ndi inayo.

Za yopanda waya ndinena mwachidule. Pa ndalama zofanana, ya waya imamveka bwino ndipo siikukhumudwitsani, chifukwa mu yopanda waya gawo lalikulu la ndalama limapita ku wailesi yotumiza ndi yolandira. Imabweretsanso mabatire, kuduka kwa mawu, ndi malamulo a mafunde a wailesi amene amasiyana dziko ndi dziko. Zimene zimayenda pa 2.4 GHz zimalimbirana malo ndi Wi-Fi, ndipo holo ikadzaza anthu ndi mafoni awo zimatha kuvuta. Siichepetsa feedback, ndipo imapatsa woyimba ufulu woyenda mpaka kutsogolo kwa masipika akuluakulu kumene kulira kumayambira. Ngati kuvina ndi kuyendayenda ndi mbali ya shoo yanu, mudzagule pambuyo pake, yokhala ndi mutu wa mtundu umene mwauzolowera kale, ndipo ya waya izikhalabe pafupi yolumikiza kale.

Chenjerani ndi zachinyengo. SM58, Beta 58A ndi mamaiki otchuka a Sennheiser amakoperedwa kwambiri, mpaka bokosi, kachikwama ndi mapepala omwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kunja n'chimodzimodzi, koma m'kati muli kapusulo (kachipangizo kotola mawu) yotchipa imene siisankha mbali bwino, ndiye imalira msanga ndipo imamva kugwira kulikonse. Oyimba ena amene amati SM58 ndi yoipa sanagwirepo yeniyeni. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampaniyo, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa musakhulupirire. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, iyezeni kulemera, muiyerekeze ndi ina imene mukudziwa kuti ndi yeniyeni pa mikisa imodzi, ndipo onani ngati timapini titatu ta kumchira tili tolimba. Chingwe chikhale cha XLR mbali zonse ziwiri, osati chothera ndi jaki ya gitala, chifukwa cha XLR chimakana kung'ung'udza kwa magetsi ngakhale chitatalika. Sankhani maiki yopanda switchi. Chala chimaizimitsa mwangozi pakati pa nyimbo, ndipo kuzimitsa ndi ntchito ya wa pa mikisa.

Popeza ikhala yanuyanu, isamaleni. Mutu wa waya umamasuka mukaupotokola. Utsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa wotsukira mbale, pamodzi ndi kasiponji ka m'kati, ndipo muumitse kwathunthu musanabwezere. Kapusulo yeniyeniyo isakhudze madzi. Kasiponji kodzaza mate ndi zopaka milomo kamaphimba mawu a pamwamba, ndipo maiki imamveka ngati yatha pamene yangoda. Mutu ukapindika kwambiri, gulani wina. Ndipo musaiyese poimenya kapena kuiuzira, ingolankhulani.

Chinthu china ndi cha moyo wanu. Mukamva kunyerenyetsa kapena kulumidwa ndi magetsi pa milomo mukakhudza maiki, makamaka mutagwira zingwe za gitala, siyani pomwepo. Vuto silikhala mu maiki, limakhala pa waya wa earth wa ampu, wa mikisa kapena wa soketi. Kuvalika maiki siponji kumangobisa ngozi. Mu 1972 Leslie Harvey, woyimba gitala wa bandi ya Stone the Crows, anamwalira pa siteji ku Swansea atakhudza maikolofoni imene inalibe earth yoyenera. Wodziwa zamagetsi aone zida zonse musanapitirize, ndipo wina asadule phini ya earth pa pulagi pofuna kuthetsa kung'ung'udza kwa masipika.

Mwanena kuti poyeserera mumamveka koma pa siteji mumamira. Zimenezi zikundiuza kuti anzanu amakweza zida zawo akaona anthu, ndipo pamenepa pakufunika kukhala pansi ngati bandi. Wa gitala nthawi zambiri amakweza chifukwa ampu yake ili pansi ikuwombera m'mawondo, iye osaimva. Ikakwezedwa pa mpando kapena kupendeketsedwa kuti iloze makutu ake, amatsitsa yekha. Wa dramu akhoza kufewetsa dzanja pa ma cymbal pa nthawi ya vesi. Mu monita yanu mukhale liwu lanu ndi chida chimodzi chokuthandizani kugwira kiyi, osati bandi yonse. Mamaiki amene sakugwira ntchito pa nyimbo imeneyo atsekedwe, chifukwa nthawi iliyonse chiwerengero cha mamaiki otsegula chikawirikiza kawiri, mumataya pafupifupi ma dB 3 a malo okwezera masipika asanalire. Masipika akuluakulu akhale kutsogolo kwa mzere wa mamaiki, akuloza anthu.

Ngati mwachita zonsezi ndipo simukudzimvabe bwino, ndalama yotsatira ipite ku mamonita a m'makutu, osati ku maiki ina. Amachotsa monita ya pansi, imene ndi gwero lalikulu la kulira, ndipo mumadzimva osakakamiza kukhosi, bola musawakweze mopitirira. Siteji ikadekha motero, dramu itasunthira pakona, ndi pamene funso lanu la condenser lidzakhale ndi yankho lina. Pa liwu lofewa ngati lanu, Beta 87A kapena KMS 105 imatulutsa kupuma ndi kunjenjemera kumene dynamic imameza. Mudzaibwereke kaye, muonetsetse kuti mikisa imene mumagwiritsa ntchito ili ndi phantom, ndipo tchanelo chikhale chotseka pamene mukulumikiza chingwe kapena kuyatsa +48V, kuti kuphulika kwake kusafike ku masipika.